Kufunsa zikalata za boma mukamakayikira ziphuphu ku Mangochi, mpaka kukafika kukhoti

Chiphuphu sichilemberedwa lisiti. Palibe ofesi ya boma imene ili ndi fayilo ya ndalama zomwe bwana analandira kwa kontrakitala, choncho amene walemba kalata yopempha "umboni wa ziphuphu" amayankhidwa kuti chikalata chotero kulibe, ndipo yankholo limakhala loona. Chimene chimasiya zikalata ndi ntchito imene chiphuphucho chinagula: tenda yopita kwa munthu wosayenera, malipiro a mdadada wa sukulu wosatha, lizi ya malo a m'mphepete mwa nyanja yotuluka eni malowo osadziwa, ukonde wolandidwa umene wabwerera kwa mwini wake popanda lisiti ya chindapusa. Zikalata za ntchito zimenezi ndi zomwe muyenera kufunsa, ndipo muzifunse mokonzekera kuti tsiku lina kalata yanuyo idzawerengedwa ndi jaji.

Ufulu wofunsawu uli m'gawo 37 la malamulo aakulu a dziko a mu 1994. Gawoli limati munthu aliyense angathe kupeza uthenga umene boma likusunga, kuyambira ku likulu mpaka ku khonsolo, ngati uthengawo ukufunika kuti agwiritse ntchito ufulu wake. Kwa zaka zoposa 20 panalibe lamulo lofotokoza njira yake. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Access to Information mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika anasainira mu Febuluwale 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC ndi limene limayang'anira lamuloli. Limakhudza maofesi onse a boma, komanso makampani ndi mabungwe amene akugwiritsa ntchito ndalama za boma kapena kugwira ntchito m'malo mwa boma. Silikhudza zokambirana za nduna ku kabineti, zikalata za mlandu umene usanathe kukhoti, zinsinsi zotetezedwa ndi lamulo la Official Secrets, ndi nkhani za moyo wa munthu payekha.

Dziwiranitu kuti mlandu wa zikalata sumangitsa munthu. Mukapambana mumapatsidwa mapepala basi. Kufufuza ndi kuzenga milandu ya ziphuphu ndi ntchito ya bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, motsatira lamulo la Corrupt Practices la mu 1995.

Muyambire kuti: ku ACB kapena ku ofesi?

Ngati chiphuphucho chikupemphedwa panopa, kapena ndalama za ntchitoyo sizinatuluke, iwalani kaye za makalata, pitani ku ACB. Ofesi yawo yapafupi ndi Mangochi ili ku Zomba. Iwo ali ndi mphamvu zoimitsa malipiro kapena kugulitsidwa kwa katundu pamene akufufuza, ndipo kalata yanu yofunsa zikalata ingangochenjeza wokayikiridwayo. Koma ngati ntchitoyo ndi yakale, ndalama zinalipidwa kale, m'manja mwanu muli mphekesera zokha, yambani ndi zikalata. Dandaulo lopanda pepala limachedwa kugwiridwa, komanso nkhani ikangolowa m'manja mwa ofufuza, ofesi imapeza poyankhira: mafayilo anatengedwa, kapena sitingatulutse kanthu poopa kusokoneza kafukufuku. Lamulo limawalola kukana pa chifukwa chimenechi.

Amene munapereka nokha kangachepe, onanani kaye ndi loya musanalembe kanthu kulikonse. Lamulo la ziphuphu limagwira wolandira ndi wopereka yemwe, ndipo chilango chake chimafika zaka 12 m'ndende.

Zoti mufunse

Tiyerekeze kuti nkhani ndi mdadada wa makalasi awiri umene unamangidwa ndi ndalama za chitukuko za CDF kapena DDF pa sukulu ina ya kwa Chimwala kapena kwa Makanjira, ndipo khoma lang'ambika mvula yoyamba. Ntchito yotere imadutsa m'manja ambiri, ndipo aliyense amasaina penapake. Pali chidziwitso choitana makontrakitala kapena makoteshoni amene analandiridwa. Pali lipoti la amene anaunika makoteshoniwo, ndi maminitsi a komiti yogula katundu ya IPDC imene inavomereza wopambana. Pali kontrakiti yeniyeniyo pamodzi ndi BOQ, chikalata chotchula kuchuluka ndi mtundu wa zipangizo: matumba a simenti angati, malata a geji yanji, matabwa otani. Kenako masatifiketi amene woyang'anira zomangamanga amasaina kutsimikiza kuti gawo lakuti latha, mavocha olipirira, ndi satifiketi yolandirira ntchito yomalizidwa. Ngati khonsolo inagula yokha zipangizo, pamakhalanso LPO (chikalata choitanitsira katundu), delivery note (chosonyeza kuti katundu wafika) ndi kaundula wa ku sitolo ya katundu.

Tchulani chikalata chilichonse ndi dzina lake, chaka cha boma chimene ntchitoyo inachitika, dzina la sukulu ndi dera. Mukalemba kuti "zikalata zonse zokhudza chitukuko cha m'dera lathu", mwawapatsa chifukwa chonenera kuti pempho lanu silikumveka. Ndi bwino kulemba makalata atatu aafupi, iliyonse ya ntchito imodzi, kusiyana ndi imodzi yonyamula zonse, chifukwa akakana imodzi zinazo zimapitirira.

Onetsetsaninso kuti mwalondola ofesi. Ku Mangochi kuli makhonsolo awiri, ya boma lonse yotsogozedwa ndi DC ndi ya m'tauni, ndipo mabuku awo ndi osiyana. Nkhani ya lizi ya malo a ku Monkey Bay kapena Cape Maclear mafayilo ake amathera ku Unduna wa Zamalo, ngakhale fomu yosonyeza kuti mafumu anavomereza imadutsa kwa DC. Funsani konse kuwiri. Za maukonde olandidwa funsani ku ofesi ya zausodzi: kaundula wa katundu wolandidwa ndi buku la malisiti a chindapusa a masiku omwewo.

Chikalata cha boma kawirikawiri sichikhala kope limodzi. Za ndalama za makhonsolo zimapezekanso ku National Local Government Finance Committee, za kagulidwe ka katundu ku bungwe loyang'anira kagulidwe ka boma la PPDA, ndipo malipoti a Auditor General, mkulu wofufuza mabuku a ndalama za boma, akaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo amakhala a aliyense. Mayina a eni kampani ali ku ofesi yolembetsa makampani. Komiti ya sukulu ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC nthawi zambiri zimakhala ndi kabuku kawo kolembamo zipangizo zimene zinafika. Tumizani mapempho kumalo awiri kapena atatu sabata imodzimodziyo. Wina akafuna kukonza fayilo yake, sangathe kukonza onse.

Kalatayo

Lamulo limafuna kuti ofesi iliyonse ikhale ndi munthu wolandira mapempho otere, wotchedwa information officer. Limalolanso kupempha pakamwa, ndipo amene sadziwa kulemba ayenera kulemberedwa ndi mkuluyo. Kwa ofuna kudzafika kukhoti, kupempha pakamwa sikuthandiza, pokhapokha mutachoka ndi kope la zimene walembazo. Ngati ofesi ili ndi fomu yake, idzazeni ndi kumatapo kalata yanu. Kalata yokwanira imaoneka chonchi:

"Wokondedwa Bwana, motsatira gawo 37 la malamulo aakulu a dziko ndi lamulo la Access to Information, ndikupempha makope a zikalata izi zokhudza mdadada wa makalasi awiri pa sukulu ya pulayimale yakuti, kwa T/A akuti, umene unamangidwa m'chaka cha boma chakuti: makoteshoni onse amene analandiridwa, maminitsi a IPDC ovomereza kontrakitala, kontrakiti ndi BOQ, masatifiketi olipirira, ndi mavocha onse. Ndine kholo la ana ophunzira pa sukuluyi, ndipo zikalatazi ndikuzifuna poteteza ufulu wa maphunziro wa m'gawo 25 ndi ufulu wa chitukuko wa m'gawo 30. Ngati zina mwa zikalatazi sizili m'manja mwanu, mundiuze kumene zili. Ngati mukana, mundipatse zifukwa polemba, ndi gawo la lamulo limene mukuimirapo."

M'kalatamu mulibe mawu akuti ziphuphu, mulibenso dzina la wokayikiridwa, ndipo n'zadala. Kalata yoneneza munthu imasanduka nkhani ya munthuyo, ofesi yonse n'kuyamba kudziteteza. Chiganizo chotchula ufulu wanu musachisiye, chifukwa lamulo limamangirira pempho ku ufulu umene mukufuna kugwiritsa ntchito, ndipo loya wa boma adzayambira pomwepo.

Ganizirani bwino amene asaine. Dzina lili pa kalatayo ndi limene lidzaime kukhoti. Mphunzitsi wa pa sukulupo kapena kalaliki wa khonsolo asasaine, ngakhale atakhala kuti nkhaniyo anaitulukira ndi iye. Lamulo lili ndi gawo loteteza oulula zinsinsi zoipa, koma kusamutsidwira kutali kumabwera msanga kuposa chitetezocho. Wapampando wa komiti ya makolo, wa komiti ya asodzi ya BVC ngati nkhani ndi ya panyanja, kapena bungwe lolembetsedwa mwalamulo ndi amene amayenera.

Pitani ndi makope awiri. Limodzi musiye, linalo alidinde chidindo cha tsikulo, wolandirayo asaine ndi kulemba dzina lake looneka bwino. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: kope lodindidwalo ndi lokhalo lomwe muli nalo pa tsiku limeneli, ndipo masiku onse a lamulo amawerengedwa kuchokera pa chidindocho. Akakana kudinda, tumizani kalata yomweyo pa positi ya rejisitala kapena pa kampani yonyamula makalata, musunge lisiti. Jambulani zonse pa foni ndi kutumizira munthu wina wodalirika. Popereka pempho simulipira kanthu. Chimene angakulipitseni ndi mtengo wa fotokope, ndipo ndalamayo ipite kwa kashiya, mulandire lisiti ya boma. Kupatsa mesenjala ya fanta kuti fayilo iyende msanga, pa nkhani yofufuza ziphuphu, n'kudzipha nokha.

Masiku ndi mayankho

Ofesi ili ndi masiku 15 ogwira ntchito kuti ikuyankheni polemba. Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi cha boma, kuphatikizapo la Eid, sawerengedwa, choncho ndi pafupifupi masabata atatu. Malire a maola 48 alipo, koma ndi a uthenga wofunika kupulumutsa moyo kapena ufulu wa munthu womangidwa, osati wa tenda. Masikuwo akatha kuli zii, lamulo limatenga kukhala chete kumeneko ngati kukana, ndipo mukhoza kupita patsogolo. Ambiri amagwa apa. Amangoyendera ofesi n'kumauzidwa kuti bwana ali ku msonkhano, bwerani Lolemba, mpaka miyezi inayi yatha popanda pepala lililonse losonyeza kuti anabwerako. Mawu a pakhonde sakalowa m'khoti. Nthawi iliyonse mwauzidwa kanthu pakamwa, lembani kakalata kafupi konena tsiku, amene anakuuzani ndi zimene ananena, mukadinditse.

Kukana kolembedwa kumabwera m'mitundu yodziwika. Akati zikalatazo ndi zachinsinsi, funsani gawo la lamulo. Chidindo cha "confidential" pa fayilo sichikwanira kubisa vocha yolipirira kontrakitala. Akati muli nkhani za munthu payekha kapena zinsinsi za malonda a kampani, yankhani kuti afute mizere imeneyo, monga nambala ya akaunti ya kubanki, akupatseni zotsalazo, chifukwa lamulo limalola kutulutsa gawo la chikalata. Akati nkhani ili m'manja mwa ofufuza, pemphani kuti atchule bungwe lofufuzalo ndi zikalata zimene zakhudzidwa, popeza si zonse zimene zingasokoneze kafukufuku. Udindo wosonyeza kuti chikalata sichiyenera kutuluka uli pa ofesi yokanayo, osati pa inu.

Yankho lovuta kwambiri ndi lakuti fayilo inasowa. Musakangane nalo, lifuneni polemba: inasowa liti, anaisunga komaliza ndani, anaifufuza kuti. Ochepa amalola kusaina kalata yotero, chifukwa kubisa, kuwononga kapena kusintha chikalata chimene chapemphedwa ndi mlandu wa chindapusa cha K3,000,000 ndi zaka 3 m'ndende. Ndipo ngati asainadi, kalata yosonyeza kuti ndalama za boma zinatuluka popanda mavocha osungidwa ndi chinthu choti Auditor General ndi ACB achione.

Mukakanidwa, lembani kwa mkulu wa ofesiyo, amene ku khonsolo ya boma ndi DC, kupempha kuti aunikenso chigamulocho. Chitani zimenezi sabata yomweyo. Zikakanika apo, dandaulo lipite ku MHRC, mutamatapo pempho loyamba, yankho lawo kapena umboni woti sanayankhe, ndi kalata ya apilo. Ofesi ya Ombudsman nayo imamva madandaulo a maofesi ochedwetsa kapena osayankha anthu, ndipo ndi yaulere, koma siilowa m'malo mwa MHRC pa njira ya lamuloli.

Kukhoti

Bwalo la majisitireti la pa boma silingathe kulamula ofesi pa nkhani yotere. Mlanduwu ndi wa bwalo lalikulu, ndipo la chigawo chino lili ku Zomba. Njira yake ndi judicial review, pomwe jaji safunsa ngati bwana uja anadya ndalama, koma ngati kukanako kunatsata malamulo. Gawo 43 la malamulo aakulu limapatsa munthu ufulu wolandira zifukwa zolembedwa pa chigamulo chokhudza ufulu wake, choncho ofesi imene inangokhala chete imafika kukhoti ili kale pamalo ovuta.

Malamulo a kayendetsedwe ka milandu a mu 2017 amati pempho lotere liperekedwe mwachangu, isanapitirire miyezi 3 chigamulo chitapangidwa. Kuti miyeziyo iyambire pa chigamulo chiti, cha ofesi kapena cha MHRC, ndi nkhani imene maloya amalimbana nayo, choncho kaonaneni ndi loya mutangokanidwa koyamba, musadikire kuti njira zonse zithe. Mbali inayi, mukalumpha apilo ya mkati ndi MHRC n'kuthamangira kukhoti, loya wa boma amangoimirira n'kunena kuti simunamalize njira zina zimene lamulo linakupatsani, mlandu n'kuthetsedwa jaji asanaone n'komwe mndandanda wa zikalata zanu. Milandu yotere imafera pa zinthu ziwirizi, kuchedwa ndi kulumpha, kuposa pa china chilichonse.

Poyamba mumapempha chilolezo cha khoti choti mlandu umvedwe. Umboni superekedwa m'bokosi ayi, umalembedwa m'chikalata cholumbira chimene mumasaina pamaso pa mkulu wolumbiritsa anthu wotchedwa Commissioner for Oaths, ndipo makalata onse odindidwa aja amamatidwa kumbuyo kwake motsatana masiku. M'chikalatachi nenani zimene munachita ndi kuona nokha: ndinapereka kalata pa tsiku lakuti, inadindidwa ndi akuti, masiku 15 anatha pa tsiku lakuti. Zoti anthu akuti bwana wagula galimoto yatsopano zisalowemo. Pemphani khoti kuti lithetse chigamulo chokanacho ndi kulamula ofesi kutulutsa zikalata zotchulidwa mayina pofika tsiku lakutilakuti. Lamulo la khoti lopanda tsiku ndi mndandanda limavuta kulitsata, ndipo mukadzafuna kuti wonyozerayo ayankhe mlandu wonyoza khoti, jaji adzafunsa chimene kwenikweni sichinachitidwe.

Za ndalama musadzinamize. Pali malipiro a loya, a khoti, ndi maulendo a ku Zomba, omwe kwa munthu wa ku Makanjira kapena Katuli ndi tsiku lathunthu panjira, mwinanso kugona komweko. Wogonja akhoza kulamulidwa kulipira zimene mnzake wawononga, ngakhale pa nkhani zokomera anthu onse makhoti nthawi zina amati aliyense adzilipirire yekha. Osowa ndalama akafunse ku Legal Aid Bureau, ndipo mabungwe omenyera ufulu ndi a atolankhani nthawi zina amanyamula milandu yotere ngati mapepala ake ali olongosoka.

Zikalata zikafika

Yalani zonse pa tebulo motsatana masiku, osati motsatana mitundu. Chinyengo chambiri chimaonekera pa masiku: vocha yolipidwa satifiketi ya ntchito isanasainidwe, LPO yolembedwa katundu atafika kale, maminitsi a komiti okhala ndi tsiku la pambuyo pa kontrakiti. Onani makoteshoni atatu aja pamodzi. Ngati ali ndi nambala ya foni imodzi, bokosi la positi limodzi, kalembedwe ka dzanja limodzi kapena cholakwika chofanana pa liwu lomwelo, n'kutheka kuti anachokera kwa munthu mmodzi. Onaninso ngati ntchito imodzi inaduladulidwa kukhala timakontrakiti ting'onoting'ono topita ku kampani yomweyo, njira yozembera malire a ndalama amene akanafuna tenda yolengezedwa.

Kenako tengani BOQ mupite nayo pa malowo ndi mmisiri wodziwa ntchito. Ngati pepala likuti malata a geji 28 koma padenga pali a geji 32, boma linalipira okhuthala n'kulandira opyapyala, pakuti nambala ikamakwera lata limapyapyala. Werengani mawindo, zitseko ndi madesiki. Funsani wapampando wa komiti ngati siginecha kapena chidindo cha chala chimene chili pa satifiketi ndi chakedi. Onani ngati ndalama yotsalira, imene imasungidwa mpaka nyengo yoona zolakwika itatha, inalipidwa nthawi isanakwane.

Zonsezi zimasonyeza kuti china chake chinalakwika, koma sizitsimikiza chiphuphu. Ulesi, kusadziwa ntchito ndi kusowa kwa mafuta oyendera ntchito zimabala mapepala ofanana ndi amenewa. Chimene chimalumikiza zikalata ndi thumba la munthu ndi mabuku a kubanki ndi a mafoni, ndipo amenewo amawapeza ndi ofufuza okha. Ngati wokayikiridwayo ali m'gulu la akuluakulu amene lamulo la mu 2013 limawalamula kulengeza chuma chawo, monga aphungu ndi nduna, mukhoza kupempha kuona zimene analengeza ku ofesi ya Director of Public Officers' Declarations ku Lilongwe. Gawo 32 la lamulo la ziphuphu limakhudza wogwira ntchito m'boma amene ali ndi chuma chosagwirizana ndi malipiro ake.

Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp samalani. Kunena kuti vocha inalipidwa pa tsiku lakuti pamene satifiketi inasainidwa masabata awiri pambuyo pake ndi kunena zimene pepala likunena. Kulemba kuti akuti ndi wakuba kungakubweretsereni mlandu woipitsa mbiri ya munthu, ndipo anthu akhala akumangidwa pa zolemba za pa intaneti pogwiritsa ntchito lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la mu 2016.

Ku ACB pitani ndi makope, osati mapepala anu enieni. Pamwamba ikani tsamba limodzi lofotokoza ntchitoyo, ndalama zake, ndi zinthu zitatu kapena zinayi zosagwirizana, chilichonse mutasonyeza tsamba limene chili. Onjezani zithunzi za nyumbayo zokhala ndi tsiku, ndi mayina a anthu amene avomera kukachitira umboni, mutawafunsa kaye. Dandaulo lopanda dzina amalandira, koma likafuna kufotokozedwa bwino amasowa womufunsa. Pochoka funsani nambala ya dandaulo lanu ndi dzina la ofesala amene walilandira, ndipo kope lina la mpukutu womwewo litumizeni ku National Audit Office, ofesi ya Auditor General.